Ndi Penny Heyns, osati Tatjana Smith

Mayi, amene anatenga mendulo zagolide ziwiri za kusambira kwa breaststroke (kusambira kokankha madzi ngati chule) pa masewera a Olympics amodzi ndi Penny Heyns wa ku South Africa, osati Tatjana Smith monga mwana wanu anakuuzirani. Penny, yemwe anabadwira ku Springs mu 1974, anapambana pa mamita 100 ndi 200 ku Atlanta mu 1996, ndipo anali mkazi woyamba kuchita zimenezi. Mu 1999 anaphwanya marekodi 11 a dziko lonse lapansi m'miyezi itatu yokha, ndipo anasiya kupikisana mu 2001 atatenga mendulo yamkuwa ku Sydney.

Mwanayo musamudzudzule, chifukwa Tatjana nayenso anatenga golide kawiri, koma pa masewera osiyana: mamita 200 ku Tokyo mu 2021, kenako mamita 100 ku Paris mu 2024.

Za bondo lomwe mwati likumuwawa mwana wanuyo, musazitenge mopepuka. Kusambira kumeneku miyendo imakankha madzi ngati chule, mawondo amapindikira kunja, ndipo mkati mwa bondo ndimo mumavulala. Mwana wanga wamkazi ankatuluka m'dziwe akutsimphina, ine n'kumaganiza kuti ndi kutopa chabe, mpaka mphunzitsi wake ataona kuti amatambasula mawondo mopitirira muyeso. Ululuwo ukapitirira sabata imodzi kapena bondo likatupa, aleke kaye kusambira, mupite naye kwa dokotala wa mafupa amuone.