Vidiyo ya kampeni ikatembenukira eni ake

Wowerenga wina watilembera imelo. Akuti amathandiza kukonza mavidiyo a chipani chake, ndipo ina imene akuluakulu a chipanicho anaiombera m'manja itangofika pa Facebook ndi WhatsApp, anthu anayamba kuiseka. Ena anafunsa ngati inali ya chipani chopikisana nacho. Funso lake ndi lakuti, zimalakwika pati?

Zikomo kwambiri potilembera. Vuto limayambira pa anthu amene munawaonetsa vidiyoyo isanatuluke. Inu mwaionera kambirimbiri pakompyuta, mukudziwa kale chimene ikufuna kunena. Masapota nawonso amakhala atavomereza kale asanaione. Koma wovota amaiona kamodzi, pafoni, mwina mawu atazimitsa, maganizo ali kwina. Chimene amatsala nacho ndi nkhope imodzi ndi liwu limodzi, basi. Tsono ngati nkhopeyo ndi ya mdani wanu, mwamuchitira kampeni ndi ndalama zanu.

Tengani wotchi muwerenge. Pa masekondi 30, nkhope ya wopikisana nanu yaoneka masekondi angati? Dzina ndi chizindikiro cha chipani chanu zabwera pa sekondi yachingati? Ambiri amaika chizindikiro kumapeto kwenikweni, kumene owonera ochepa okha ndiwo amafikako. Chiikeni pakona kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifanane ndi chimene chili papepala lovotera. Izi zimathandizanso vidiyo ikadulidwa, pakuti anthu amatumizirana tizidutswa, ndipo kachidutswa kopanda mwini aliyense amakapatsa tanthauzo lake.

Mawu okuluwika ndi nthabwala zonyodola zimafera pomwepa. Mukaonetsa mdani akulonjeza zinthu, n'cholinga choti pamapeto munene kuti ananama, wongoona masekondi 10 oyambirira wamva malonjezo okhawo.

Msampha wachiwiri ndi kukana nkhani poibwereza. Mu 2010, Christine O'Donnell, amene ankapikisana pa mpando wa seneta wa Delaware ku America, anatulutsa vidiyo yoyamba ndi mawu akuti iye si mfiti. Ankayankha kanema wakale momwe ananena kuti ali wamng'ono anayesako zaufiti. Chinachitika n'chakuti ngakhale amene sanaimvepo nkhaniyo anaimva kuchokera pakamwa pa mwini wake. Anthu anasunga liwu loti mfiti, "si" uja anatayikira m'njira. O'Donnell anagonja kwa wopikisana naye, Chris Coons. Mukafuna kuyankha bodza, yambani ndi chimene chili choona, ndipo liwu la mdanilo lisakhale m'chiganizo choyamba kapena m'malemba a pa sikirini.

Koma chimene chimapweteka kwambiri ndi kunyoza kopyola malire, ndipo apa tikhalepo pang'ono. Pa chisankho cha ku Canada cha 1993, chipani cholamula cha Progressive Conservative chinaulutsa vidiyo yoonetsa pafupi nkhope ya Jean Chrétien, mtsogoleri wa chipani cha Liberal, amene mbali imodzi ya nkhope yake inafooka ndi matenda ali mwana. Mawu a m'vidiyomo ankakayikira ngati munthu ameneyu angakhale nduna yaikulu. Okonza ankati akutsutsa luso lake. Owonera anaona anthu akuseka chilema. Mtsogoleri wa chipani cholamulacho, Kim Campbell, analamula kuti ichotsedwe, koma inali itafika kale m'nkhani za pa wailesi ya kanema, ndipo Chrétien anapeza mpata wolankhula modekha za mmene anakulira ndi vutolo. Chipani cha Campbell chinatsala ndi mipando 2 yokha mwa 295. Tisanamizire vidiyo yokha, chinali chikutsetsereka kale, komabe chifundo cha anthu chinapita kwa Chrétien, munthu amene chipanicho chinkafuna kumugwetsa. Wovota amalola kuti mudzudzule ntchito za munthu, mmene anavotera m'nyumba ya malamulo, malonjezo amene sanakwaniritse. Mukakhudza thupi lake, chipembedzo, mtundu kapena banja, amakumbukira m'bale wake amene ali chimodzimodzi.

Kudula mawu a mnzanu mwachinyengo nakonso masiku ano sikubisika. Mu 2019 chipani cha Conservative ku Britain chinasintha kanema wa Keir Starmer, wa chipani chotsutsa cha Labour, kuti aoneke ngati wasowa choyankha pa funso la Brexit (kutuluka kwa Britain mu mgwirizano wa European Union), pamene m'kanema weniweni anayankha nthawi yomweyo. Atolankhani anangoika awiriwo pambalipambali, nkhani n'kusanduka ya chinyengo cha chipanicho. Musaiwalenso kuti zithunzi zanu zomwe zingakulumeni: mu 1988 Michael Dukakis, amene ankapikisana pa upulezidenti wa America, anakwera galimoto yankhondo atavala chisoti kuti aoneke wolimba, ndipo a kampeni ya wopikisana naye, George H. W. Bush, anatenga zithunzi zomwezo n'kumuseketsa nazo.

Za kulongeza malonjezo asanu ndi awiri m'vidiyo imodzi sitichulukitsa mawu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Vidiyo imodzi, mfundo imodzi.

Tsono musanatulutse ina, pezani anthu 8 kapena 10 amene si a chipani chanu ndipo sanasankhe mbali. Aliyense aione payekha, pafoni, kamodzi kokha, theka la iwo aione mawu atazimitsidwa. Wokonza vidiyoyo asakhalepo, chifukwa anthu amachita manyazi n'kungoyamikira. Pakapita mphindi 10, afunseni mafunso atatu: ndi ya chipani chiti, ikufuna muchite chiyani, ndipo mwamvera chisoni ndani? Awiri akaphonya funso loyamba, konzani masekondi asanu oyambirira. Wina akatchula mdani wanu pa funso lachitatu, vidiyo imeneyo isatuluke, ngakhale mwalipira kale ojambula.