Musanagule rauta ku Joni kuno, yesani kaye netiweki m'chipinda mwanumo

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mukukhala m'chipinda cha kuseri ku Turffontein, mulimo anthu anayi, data ya pa foni imatha mwezi usanafike pakati, ndiye mukufunsa ngati kugula rauta ya Wi-Fi kungathandize komanso ya kampani iti. Anthu angapo akuyankhani kale kuti gulani ya akutiakuti, ndiyothamanga. Akunena zoona za kwawoko, koma munthu wa ku Randburg kapena ku Cosmo City sangadziwe mmene netiweki imagwirira m'chipinda mwanu. Ku Joni kuno zimasintha msewu ndi msewu, ngakhale pa yadi imodzi yomweyo. Nyumba yaikulu kutsogolo ikhoza kumagwira bwinobwino, chipinda cha kuseri chofolera malata, chopanikizika pakati pa mpanda wa njerwa ndi zipinda zina, osagwira kanthu. Rauta siipanga netiweki, imangotola imene yafika pamalopo n'kugawira mafoni. Ngati pamalopo pafika yofooka, mudzagawana yofookayo, ndalama zitapita kale.

Choncho ndalama yoyamba ipite ku ma SIM, rauta idikire. Pezani ya Vodacom, ya MTN ndi ya Telkom, kapena bwerekani mafoni a anzanu a pa yadipo amene ali pa makampani amenewa. Cell C inazimitsa nsanja zake mu 2023 ndipo tsopano imadalira za MTN ndi za Vodacom, ndiye mukayesa ziwirizi mwadziwa kale zambiri za iyo. Ikani kabandulo kakang'ono pa SIM iliyonse, mulowe pa fast.com kapena pa Speedtest, muone nambala ya Mbps, imene imasonyeza liwiro la intaneti. Muyese muli pamalo enieni pamene rauta idzakhale, chitseko chili chotseka monga mmene mumakhalira masiku onse. Kuyesaku kumadya data ndithu, ndiye osabwereza kakhumi.

Nthawi yoyesera ndiyo ambiri amaiphonya. Mukayesa 10 koloko m'mawa, anthu ali ku ntchito, netiweki iliyonse imaoneka yabwino. Yesani pakati pa 7 ndi 10 koloko usiku, masiku awiri kapena atatu, limodzi likhale Lamlungu. Nsanja ya netiweki ili ngati mjigo wa pamudzi: madzi ndi omwewo, koma madzulo aliyense wabwera ndi ndowa yake. M'madera othithikana anthu monga Hillbrow, Yeoville, Diepsloot kapena Rosettenville mungapeze foni ikuonetsa timizere tonse todzaza, koma kanema osatseguka. Pamenepo vuto ndi kuchuluka kwa anthu pa nsanjayo, ndipo palibe rauta yodula imene ingathetse zimenezo, mankhwala ake ndi kusintha kampani basi. Kwa anthu anayi, ngati usiku mukupeza 10 Mbps yokhazikika, imeneyo ikukwanirani. Ikamatsika pansi pa 3 Mbps mudzakangana m'nyumbamo.

Timizere ta pa foni tisamakunamizeni. Pa Android lowani mu Settings, About phone, kenako SIM status, mupeza nambala ya dBm, yosonyeza mphamvu ya netiweki, yokhala ndi kamzere kutsogolo. Pa 4G, -80 ndi yabwino kwambiri, -95 ndi yapakatikati, ikadutsa -110 ndiye kuti yafookeratu. Yendani ndi foniyo pang'onopang'ono m'chipindamo, pa zenera, pamwamba pa wadiropu, pafupi ndi chitseko, mukuyang'ana nambalayo. Nthawi zambiri pa zenera loyang'ana kumsewu ndi pamene imakwera, ndipo pamenepo ndi pamene rauta iyenera kukhala, m'mwamba, osati pansi kuseri kwa TV kapena pamwamba pa firiji. Ngati panja imagwira bwino koma mkati ayi, sankhani rauta yokhala ndi timabowo tiwiri kumbuyo tolumikizira eriyo yakunja.

Pa Telkom pali chinthu chofunika kuchimvetsa. Mabandulo ake otchipa aja a LTE, kutanthauza 4G, amagwira pa nsanja za Telkom zenizeni. SIM ikhoza kumaimba bwino chifukwa yadumphira pa nsanja za kampani ina, koma bandulo ya LTE ija osayenda. Onani mapu a coverage, osonyeza kumene netiweki yawo yafika, pa webusaiti yawo ndi adiresi yanu musanalipire. Za kampani ya Rain chimodzimodzi, 5G yawo ndi yothamanga pamene yafika, koma yang'anani kaye adiresi yanu pa mapu awo.

Tsopano tibwere pa nkhani ya data kutha msanga, chifukwa mukapanda kudziwa chimene chikuidya, rauta idzangokulitsa bala. Mafoni a WhatsApp oimbira kumudzi anthu amawanamizira. Kuimba kwa mawu okha sikufika ngakhale 1MB pa mphindi, ndiye mukhoza kucheza ndi amayi ku Mangochi ola lathunthu osamva kupweteka. Kuimba koonana nkhope kumadya pafupifupi 5MB pa mphindi. Chimene chimamaliza data ndi makanema. YouTube pa 480p imadya pafupifupi theka la gigabyte pa ola, pa 720p imafika gigabyte imodzi kapena kuposerapo. Netflix eni ake amanena kuti kanema wamba amadya mpaka 1GB pa ola, wa HD mpaka 3GB. TikTok ndi timakanema ta pa Facebook timaoneka tating'ono, koma pulogalamuyo imayamba kukoka kanema wotsatira inu mukuonera woyamba, ndiye mumalipira ngakhale amene mwangowadumpha.

Tiwerengere limodzi. Anthu anayi, aliyense ola limodzi la makanema pa tsiku, pa theka la gigabyte. Ndi 2GB pa tsiku, 60GB pa mwezi, TV tisanaiwerengere. Ndiye bandulo ya 20GB kapena 30GB pa rauta siingakufikitseni kumapeto a mwezi. Kuti mudziwe za nyumba yanu yeniyeni, aliyense atsegule Settings, apite pa Data usage, aone pulogalamu imene ili pamwamba ndi magigabyte a mwezi wathawu, muphatikize.

Msampha waukulu uli apa, ndipo umagwira pafupifupi aliyense amene wangogula rauta. Foni ikaona Wi-Fi imaganiza kuti data ndi yaulere. Zonse zimene inkadikira nazo imaziyamba nthawi yomweyo. Google Photos imayamba kukweza zithunzi ndi makanema onse a m'foni, Play Store imapanga update mapulogalamu onse, WhatsApp imapanga backup pamodzi ndi makanema a m'magulu a tchalitchi ndi a maliro, laputopu ya Windows nayo imakoka ma update a magigabyte angapo. Usiku umodzi wokha bandulo ikhoza kutsika ndi theka, inu n'kumaganiza kuti aneba akubera. Tsiku loyamba lomwelo chitani izi pa foni iliyonse. Pa Android dinani dzina la Wi-Fi yanu, mupeze pamene palembedwa Metered kapena Treat as metered, muyatse. Pa iPhone yatsani Low Data Mode pa Wi-Fi imeneyo. Pa Windows ndi Metered connection. Mu WhatsApp pitani pa Storage and data, pa Media auto-download, muchotse makanema ndi ma document pa When connected on Wi-Fi. Pa YouTube ndi Facebook sankhani Data saver ndi kuzimitsa autoplay. Ngati pali TV yolumikizidwa, itsitseni pa 480p kapena 720p, chifukwa ikasiyidwa pa Auto imasankha yokha chithunzi chapamwamba kwambiri chimene netiweki ingakwanitse.

Mukamawerenga malonda a mabandulo samalani ndi manambala olembedwa ngati 40GB + 40GB. Theka lachiwirilo ndi data ya usiku. Pa Vodacom, Night Owl imayenda kuyambira 12 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, pa Telkom, Night Surfer imafika 7 koloko. Ngati simudzuka kukapanga download nthawi imeneyo, werengerani theka loyamba lokha. Mawu akuti uncapped, kutanthauza data yopanda malire, nawonso muwafunse bwino. Ambiri mwa mapulani otere ali ndi malire otchedwa Fair Use Policy, mukafika pa magigabyte akutiakuti liwiro amalitsitsa mpaka mwezi utha. Funsani malirewo ndi angati, ndipo akatsitsa imatsala Mbps ingati. Funsaninso ngati SIM-yo ndi ya fixed LTE, chifukwa zoterozo zimamangidwa ku adiresi imene mwalembetsa, ndiye mukasamuka, monga mmene timasamukira anthu a lendi, muyenera kuwadziwitsa, apo ayi imasiya kugwira.

Lamulo lilinso kumbali yanu pang'ono. Kuyambira pa 1 March 2019, malamulo a ICASA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni kuno, amati kampani ikudziwitseni data ikafika pa 50, 80 ndi 100 peresenti, isakuduleni mayunitsi pa mtengo wa out-of-bundle, umene amadula bandulo ikatha, musanavomere, ndipo ikupatseni njira yosamutsira data yotsala ku mwezi wina kapena kwa munthu wina wa netiweki yomweyo. Lowani mu app ya kampani yanu muone ngati out-of-bundle ndi yotseka. Muonenso ngati palibe ma subscription a masewera kapena nyimbo amene akudula mayunitsi tsiku ndi tsiku, amenewa amalowa munthu atangodina malonda mosadziwa.

Musanamalize zonsezi, funsani alandilodi ngati mumsewumo mwadutsa fibre, intaneti yodzera mu waya wofika m'nyumba. Ngati ilipo ndipo iwo akulola kuboola khoma, kwa anthu anayi imeneyo ndiyo yabwino kuposa rauta ya SIM, chifukwa siivutika ndi malata kapena kuchuluka kwa anthu pa nsanja. Waya amaika ndi makampani monga Vumatel, Openserve, Frogfoot kapena MetroFibre, koma ndalama ya pamwezi mumalipira kwa ogulitsa intaneti monga Afrihost, Webafrica kapena MWEB. Werengani bwino za kuika kwaulere, kawirikawiri mukachoka miyezi imene munagwirizana isanakwane amakulipiritsani ndalama ya kuikako ndi ya rauta. Ngati m'nyumba yaikulu muli fibre kale, njira yotchipa ndi kugwirizana nawo, kukoka waya wa Ethernet kuchoka pa rauta yawo kufika m'chipinda mwanu, n'kuika karauta kena kumapeto. Waya ameneyu amagwira bwino mpaka mamita 100. Kudalira Wi-Fi yawo kuti iboole makoma atatu ndi kumene kumabweretsa madandaulo.

Za magetsi tisazisiye. Kaya ndi load shedding ya Eskom, kaya ndi mawaya a City Power abedwa, magetsi akathima rauta yathimanso. Gulani mini UPS ya rauta, kabatire kosunga magetsi, koma musanapite ku shopu tembenuzani rauta kapena chaja chake, mujambule kapepala kolembedwa Output. Ambiri ndi 12V 1A kapena 12V 2A, ena ndi 9V. Mukalowetsa 12V mu chipangizo cha 9V mukhoza kuchiwotcha, ndipo kamutu ka waya nako kayenera kukwana bwino pabowo. Pa bokosi la UPS yang'anani Wh, nambala yosonyeza mphamvu yonse imene batire imasunga, osati mAh yokha. Batire ya 10,000mAh pa 3.7V ndi 37Wh, rauta yodya 10W idzayenda nayo pafupifupi maola atatu mukachotsa mphamvu yotayika. Wa fibre ali ndi zipangizo ziwiri, rauta ndi kabokosi ka pakhoma kotchedwa ONT, zonse zimafuna magetsi, ndiye UPS ikhale ya mawaya awiri. Power bank wamba imatulutsa 5V, siingayatse rauta ya 12V popanda waya wokweza mphamvu. Dziwaninso kuti magetsi akakhalitsa osayaka mabatire a pa nsanja nawo amatha, choncho rauta ikhoza kukhala yoyaka koma intaneti kulibe.

SIM ya rauta ndi ya foni yomwe muilembetse m'dzina lanu pa RICA, kalembera wa ma SIM amene lamulo la kuno limafuna, ndi pasipoti yanu komanso umboni wa kumene mukukhala. Amene alibe bilu ya dzina lawo amagwiritsa ntchito kalata ya lendi kapena affidavit ya ku polisi. Ma SIM ogulitsidwa m'misewu olembetsedwa kale aja ndi ophweka kugula, koma foni ikabedwa simungapange SIM swap, kubwezeretsa nambala yanu pa SIM yatsopano, chifukwa dzina si lanu, ndiye nambala yapita pamodzi ndi WhatsApp yanu ndi ma OTP, manambala achinsinsi aja obwera pa SMS, a ku banki kapena a Mukuru. Apa pokha ndikupemphani, musachite ulesi.

Rauta yakale siyoipa kugula, bola muiyesere pomwepo. Tengani ma SIM anu awiri a makampani osiyana, muwalowetse onse muone ngati ikugwira, chifukwa ma rauta ena obwera ndi kontrakiti amakhala okhomedwa ku kampani imodzi. Zimenezi zidzakukhudzaninso tsiku limene mudzafune kuitumiza kumudzi kuti azikaikamo TNM kapena Airtel. Pogula mu shopu tengani lisiti, lamulo la Consumer Protection Act limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto. Mukafika nayo kunyumba dinani kabatani ka Reset kumbuyo kwa masekondi khumi kuti zonse za mwini wake wakale zifufutike, mulowe pa adiresi yolembedwa pansi pake, pa Huawei kawirikawiri ndi 192.168.8.1, musinthe mapasiwedi onse awiri, ya Wi-Fi ndi ya admin, muzimitsenso WPS, njira yolumikizira foni popanda kulemba pasiwedi. Pa tsamba lomwelo pali mndandanda wa mafoni onse olumikizidwa, muziuona kamodzi pa sabata, ndipo foni imene simukuidziwa muitseke. Ikadzapita ku Malawi muiphatikize ndi adaputa, chifukwa mapulagi a kuno ndi ozungulira pamene masoketi a kwathu ndi a mano atatu a makona, koma mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230V, ndiye chaja chomwecho chikagwira.