Pulogalamu yanga ikulakwitsa pa chaka cha 1900

Funso: Achimwene, ndikuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndiye tapatsidwa kafunso koti tilembe pulogalamu yodziwa ngati chaka chili ndi 29 February. Ine ndangolemba chaka % 4 == 0 basi, pa 2024 ikuyenda bwinobwino koma pa 1900 akuti ndalakwa, nanga 1900 sigawika ndi 4? Mutu waima. Wophunzira, Zomba.

Yankho: Masamu anu ali bhobho, % imapereka zotsala mukagawa, == 0 imafunsa ngati sipatsala kanthu, ndipo 1900 kugawa ndi 4 ndi 475 osatsala kanthu. Chakupusitsani ndi kalendala. Chaka sichikwana masiku 365 ndi kota ndendende, chimaperewera mphindi pafupifupi 11, ndiye mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza zoti zaka zogawika ndi 100 zisamakhale ndi tsiku lowonjezeralo pokhapokha zikagawikanso ndi 400. Pa 1900 % 400 pamatsala 300, yagwa. Pa 2000 sipatsala kanthu, yadutsa.

Lembani chonchi (!= ikutanthauza kuti sizofanana): chaka % 400 == 0 or (chaka % 4 == 0 and chaka % 100 != 0)

Musadandaule kwambiri, ngakhale Excel, pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera zinthu, mpaka lero imavomera 29 February 1900, tsiku loti pa kalendala yathuyi silinakhaleko nkomwe. Mukakonza muyesenso 2100, ikuyenera kukana.