Kodi tilembe maina a ana omwe kulibe kuti ana omwe alipo adye phala?

Mayi ena anditumizira funso pa imelo. Iwo ndi mlembi wa komiti ya sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi, pomwe pamabwera ana 64. Bungwe lina lalonjeza ufa wa phala wa chaka chonse, koma limathandiza malo okhala ndi ana osachepera 100, ndipo apampando akuti angowonjezera maina 40 opeka. "Palibe amene adyepo ngakhale tambala," akutero mayiwo. "Ufa wonse upita m'mimba mwa ana. Cholakwa chili pati?"

Mayi, musalembe mainawo. Sindikupeputsa njala ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mwana amafika pa sukulu asanalawe kanthu, ndipo ndikuona kuti lamulo la bungwelo likulanga midzi ing'onoing'ono popanda chifukwa. Cholinga chanu n'chabwino, koma ubwino wa cholinga sutiuza amene adzalipire mtengo wa bodzalo.

Lilipo bodza limene ndingaliikire kumbuyo. Mu 1994 ku Rwanda, anthu ena anabisa anzawo achitutsi m'nyumba, ndipo zigawenga za Interahamwe zitafika pakhomo anakana kuti mulibe munthu. Anamwino achihebri aja, Sifra ndi Puwa, ananamizanso Farao kuti ana aamuna asaphedwe. Koma taonani kuti wonamizidwayo anabwera kudzapha, kotero analibe ufulu wouzidwa zoona, ndipo wonamayo anaika pachiswe moyo wake womwe. Kwa inu zinthu zili mosiyana, chifukwa wonamizidwa wabwera kudzathandiza ndipo akudalira siginecha yanu, pomwe chiopsezo chidzagwera anthu amene sanafunsidwe n'komwe.

Nkhani imene imandivutitsa kwambiri pa mfundoyi inachitika ku Pakistan. Mu 2011 bungwe la akazitape la America, CIA, linkafuna kutsimikiza ngati Osama bin Laden ankabisala m'nyumba ina mumzinda wa Abbottabad. Linagwiritsa ntchito dokotala wa komweko, Shakil Afridi, kuyendetsa kampeni yonamizira kupereka katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B, n'cholinga chopeza DNA ya ana a m'nyumbamo, chizindikiro cha m'thupi chimene chikanaonetsa ngati anawo ndi abale ake. Anthu ambiri akanavomera kuti kupeza munthu amene anaphetsa anthu pafupifupi 3,000 pa 11 Seputembala 2001 chinali cholinga choyenera. Bin Laden anaphedwa pa 2 Meyi 2011, ndipo patangopita miyezi iwiri chinsinsi cha katemerayu chinaululika m'nyuzipepala.

Mphekesera zoti katemera ndi chiwembu cha azungu zinalipo kale m'dzikolo, koma tsopano ofalitsa mphekeserazo anapeza umboni woloza ndi chala. Mu 2012 atsogoleri a gulu lankhondo la Taliban analetsa katemera wa poliyo ku Waziristan, dera lina la m'dzikolo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anthu asanu ndi anayi ogwira ntchito ya katemera, ambiri mwa iwo amayi, anawomberedwa m'masiku ochepa chabe. Odwala poliyo m'dzikolo anachoka pa 58 mu 2012 kufika pa 306 mu 2014, chaka chimene boma la America linalonjeza kuti silidzabisanso ukazitape kuseri kwa katemera. Sindikunena kuti zonsezi zinadza ndi bodza limodzi, koma akazitapewo anagwiritsa ntchito chikhulupiriro chimene azaumoyo anachimanga kwa zaka zambiri akuyenda khomo ndi khomo, ndipo amene analumala ndi kufa sanali akazitape. Poliyo sanathe ku Pakistan kufikira lero, ndipo mu Febuluwale 2022, pamene boma lathu linalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka ndi matendawa, akatswiri anapeza kuti kachilomboko kanali ka mtundu wochokera kumeneko.

Mwina munena kuti kaundula wa sukulu ya m'mudzi ndi chinthu chaching'ono poyerekeza ndi zimenezi. N'zoona, koma kayendedwe kake n'kofanana. Ufa wa bungwelo ndi wowerengeka, choncho gawo la ana 40 opekawo lidzachotsedwa pakamwa pa ana enieni a mudzi wina umene unalemba zoona. Tsiku limene a bungwe adzabwere kudzayendera, mudzakakamizika kubwereka ana a m'mudzi woyandikana n'kuwaphunzitsa kuvomera maina omwe si awo, ndipo alezi adzasainira malipoti abodza mwezi ndi mwezi. Akulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma pano odya ndi akulu, opotedwa ndi ana.

Pali chinanso chimene ndikupempha kuti muchilingalire mofatsa. Mukalandira ufa wa ana 104 pomwe odya ndi 64, matumba otsala sadzakhala m'buku lililonse loona. Lero mukukhulupirirana, koma wina akadzatenga thumba limodzi kupita nalo kwawo, mudzakamunenera kwa yani, popeza kumuulula n'kudziulula nokha? Bodza logwirizana limamanga manja anthu okhulupirika a m'komiti, n'kumasula a osakhulupirika. Ndipo zikadziwika, mabungwe salanga munthu mmodzi. Tinaziona mu 2013 ndi Cashgate, pamene maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti ya boma, mavuto n'kugwera odwala m'zipatala amene sanapondepo ku Capital Hill.

Musanataye mtima, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti m'midzi yozungulira muli ana angati a zaka zitatu mpaka zisanu. Kawirikawiri amene amabwera ku mkombaphala ndi ochepa kuposa amene ali kunyumba, ndipo mothandizana ndi amfumu mungathe kulemba ana enieni amene phalalo lidzawakope. Ngati sakukwanabe, kambiranani ndi sukulu yoyandikana nayo kuti mupemphe limodzi, chiwerengero cha malo alionse chitalembedwa poyera. Lemberaninso bungwelo kalata yonena kuti muli ndi ana 64 osowa chakudya, yosainidwa ndi komiti ya chitukuko ya VDC, ndipo mupemphe a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma kuti akulankhulireni. Malamulo otere amapangidwa ndi anthu, ndipo nthawi zina amasinthidwa wina akafotokoza bwino vuto lake.

N'zotheka kuti akanebe, ndipo sindikulonjezani kuti njira yoonayi ibweretsa ufa chaka chino. Zikatero, komiti ikhale pansi ndi makolo mvula isanagwe, ipemphe malo kwa amfumu, ilime chimanga ndi soya za phala la ana. Apampando akaumirirabe za maina opekawo, auzeni mwaulemu pamaso pa komiti yonse kuti inu simusaina, ndipo kukana kwanuko mukulembe m'maminitsi a tsikulo.