Kapulogalamu kamene mwini wake anakathawa: mukatole kapena mukasiye?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Kamwendo, ku Mchinji uko. Dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Mwachidule akuti amathandiza gulu la alimi a soya ndi mtedza kulemba za msika, ndani wabweretsa matumba angati, ndani walandira ndalama, ndani akudikirabe. Amagwiritsa ntchito kapulogalamu kaulere ka pa foni komwe anakapeza pa GitHub, webusaiti yomwe anthu amaikapo khodi, ndiye kuti malemba omwe amapanga pulogalamu, kolembedwa ndi munthu wina wakunja. Nde mwini wakeyo patha zaka 4 osakakhudza, madandaulo a anthu angounjikana osayankhidwa, ndipo pa mafoni atsopano kakumangotseka kokha. Funso lake ndi ili: "Ndikatole ine n'kukadzutsa? Nanga anthu oti tizikasamalira limodzi ndiwapeza kuti, poti ine khodi ndimangoidziwa pang'ono chabe?"

Achimwene, yankho lalifupi ndi loti katoleni, koma musayambire pa khodi. Lalitali ndi ili m'munsimu, ndipo mundipirire poti ndiyambira pa mjigo.

Mijigo yambiri yomwe timapopa m'midzi muno, kaya ku Chamama, ku Chulu kapena ku Mkanda kwanu ku Mchinji, ndi ija amati Afridev. Anthu ambiri sadziwa kuti mjigo umenewu unayambira ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imeneyo unkatchedwa Maldev, kenako ntchito yowukonza bwino inapitirira ku Kenya. Mapulani ake si a kampani imodzi, fakitale iliyonse ikhoza kuwatenga n'kupanga mjigo womwewo, ndipo anaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuumasula okha ndi sipanala imodzi. Mesa imeneyo ndi open source yomweyo, ija yoti khodi ili poyera ndipo aliyense akhoza kuitenga n'kuisintha, kungoti ndi ya zitsulo? Koma tayendani muone mijigo ingati yangoima tchire litamera mozungulira. Mukafunsa, nthawi zambiri chomwe chinafa ndi karabala kotchipa, koma komiti inabalalika, msungichuma anasamuka, wodziwa kumasula uja ali ku Joni, basi amayi abwerera ku dambo. Kapulogalamu kanuko kali pomwepo. Chomwe chathyoka mwina ndi chaching'ono, chomwe kulibe ndi komiti.

Musanagwire sipanala tsono, onani kaye laisensi. Mu GitHub momwemo muli fayilo yolembedwa LICENSE. Ikakhala MIT, BSD kapena Apache, muli ndi ufulu wotenga, kusintha ndi kugawa, bola musafufute dzina la mwini wake ndi mawu a laisensiyo. Ikakhala GPL mukhozanso kutero, kungoti mukagawira anthu zomwe mwasinthazo, khodi yake iyeneranso kukhala poyera pa laisensi yomweyo. Koma ikakhala kuti fayiloyo palibiretu, samalani, chifukwa kukhala poonekera sikutanthauza kuti chinthu ndi cha aliyense. Popanda laisensi, malamulo amati zonse ndi za wolembayo. Zili ngati tsala la m'mbali mwa msewu, loti palibe walimamo zaka zisanu, koma tayesani kukwezamo mizere muone ngati eni ake satulukira.

Ndiye alembereni eni akewo. Ngakhale laisensi ikulolani, alembereni basi. Tsegulani issue yaulemu, ndiye kuti uthenga wa poyera pa pulojekitiyo, tumizaninso imelo ngati anaisiya poonekera, muwathokoze kaye, muwauze kuti ku Malawi kuli alimi omwe akudalira ntchito yawo, kenako mufunse ngati angalole kukuwonjezerani ngati maintainer, wosamalira pulojekitiyo, kapena kukupatsirani pulojekiti yonse. Musalembe mokalipa ngati munawalipira. Anthu amenewa ambiri ankapanga usiku ataweruka ku ntchito, ena anatopa, ena anadwala, ena ana anabadwa moyo n'kusintha. Dikirani mwezi wathunthu, mukumbutse kamodzi. Akavomera mwapindula kwambiri, chifukwa dzina, anthu ogwiritsa ntchito ndi mbiri yonse zimakhala pamalo amodzi. Akapanda kuyankha, pangani fork, ndiye kuti kukopera khodi yonse n'kuyamba kuisamalira kwanu.

Ena amaona ngati fork ndi kuba kapena mwano. Ayi ndithu. LibreOffice yomwe ambiri timalembera makalata posafuna kugula Microsoft Office inabadwa choncho mu 2010, anthu omwe ankagwira ntchito pa OpenOffice ataona kuti Oracle yagula Sun ndipo tsogolo silikuoneka bwino. MariaDB, pulogalamu yosungira deta, inachoka mu MySQL mu 2009, woiyambitsa ndi Monty Widenius yemwenso anali m'modzi mwa oyambitsa MySQL yomweyo. Jenkins inachoka mu Hudson mu 2011. Koma muone chinthu chimodzi pa zitsanzo zonsezi: sanachoke munthu m'modzi, linanyamuka gulu. Fork ya munthu m'modzi ndi ya masekondi ochepa kupanga, mumangodina batani, ndipo GitHub yadzaza ndi ma fork oterowo omwe anafa sabata yomweyo.

Ndipo pamenepa ndi pomwe pali yankho la funso lanu lachiwiri. Dinani pomwe palembedwa Forks pa pulojekiti yakaleyo muone omwe anakopera. Ambiri mupeza sanasinthe kanthu, koma mwina awiri atatu anakonzako zinazake, mwinanso vuto lanu lomwelo lotseka lokhalo wina ku Kenya kapena ku India analithetsa kalekale, angokhala nalo phee. Onaninso ma pull request omwe sanalandiridwe, ndiye kuti zokonza zomwe anthu anatumiza kuti zilowe mu khodi, ndi anthu omwe analemba madandaulo omveka bwino, aja ofotokoza foni yanji, Android yanji, anadina pati. Amenewo ndi anthu anu oyamba, chifukwa akumva kupweteka komwe mukumva inu. Alembereni m'modzim'modzi. Mukapeza kuti wina anayamba kale kudzutsa ndipo zikuyenda, musapangenso yanu, kalowereni kumeneko, palibe mphoto ya kukhala tcheyamani.

Za kuno kwathu, anthu odziwa khodi alipo, osati ochepa. Ku Mzuni, ku MUBAS, ku MUST, ku Chanco, chaka chilichonse ana a chaka chomaliza amasakasaka pulojekiti, ndipo ambiri amathera kupanga kachinthu kongopezera malikisi koti palibe adzakagwiritse ntchito. Kuwapatsa chinthu chenicheni chomwe alimi akudikirira ndi kuwathandiza iwonso, poti ntchito yawo imaoneka poyera pa GitHub ndipo akhoza kuilozera pofunsira ntchito. Ku Lilongwe kuli mHub komwe achinyamata a zaukadaulo amakumana, komanso magulu a pa WhatsApp a ma developer ndi ambirimbiri. Koma ndikuchenjezeni, mukaponya uthenga pa gulu muona manja ambiri, "ndili momo bwana", "ndiikeni", pakatha masabata awiri zii. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, ife a ku Kasungu za fodya timazidziwa. Muwerengere yekhayo amene watumiza kenakake, ngakhale kukonza chilembo chimodzi mu README, fayilo yofotokoza za pulojekitiyo.

Ine zinandichitikira. Zaka zingapo zapitazo ndinatola kapulogalamu kena kolembera fizi pa sukulu, kosiyidwa ngati kanuko, ndinakakonza ndekha mwezi wathunthu usiku magetsi akabwera, bandulo yanga, kenako masukulu atatu anayamba kukagwiritsa ntchito ndipo foni yanga inasanduka ofesi, kuimbiridwa 5 koloko m'mawa kuti risiti sikutuluka, Lamulungu ndili mu tchalitchi foni kunjenjemera m'thumba. Sindinalembe paliponse mmene kamayendera, zonse zinali m'mutu mwangamu. Nditatopa ndinangosiya, ndiye kuti kanafa kachiwiri, wopha ndine. Mpaka pano ndikakumana ndi aphunzitsi ena pa Boma ndimayang'ana kumbali.

Nde musatengere ine. Ntchito yoyamba isakhale kuwonjezera zatsopano, ngakhale alimi akuuzeni kuti tikufuna izilumikizana ndi Airtel Money kapena Mpamba, zimenezo pambuyo. Yoyamba ndi yoti khodiyo itheke kumangidwa pa kompyuta ya lero, ndipo mulembe sitepe iliyonse mu README kuti mwana wa ku Mzuni akaitenga asathe masiku atatu akulimbana ndi Gradle yakale, chida chomangira mapulogalamu a Android. Yachiwiri dutsani m'madandaulo onse aja, obwerezabwereza tsekani, omwe ndi osavuta muwaike chizindikiro cha good first issue kuti wobwera kumene adziwe poyambira. Kenako tulutsani version imodzi yaing'ono yomwe yangokonza kutseka kuja basi. Anthu akaona tsiku la chaka chino pa pulojekiti amadziwa kuti pakhomo pali anthu, utsi ukufuka.

Ndipo osamalira si olemba khodi okha. Inuyo mwanena kuti khodi mumaidziwa pang'ono, koma mumadziwa mmene sikelo imayendera pa msika wa soya, mumadziwa kuti mlembi wa gulu ali ndi itel ya memory yochepa ndipo netiweki kumudzi imagwira pa chulu. Developer wa ku Lilongwe zimenezo sazidziwa. Woyesa pa mafoni osiyanasiyana, womasulira mawu a mu pulogalamu kuti akhale m'Chichewa, woyankha mafunso a alembi, onsewo ndi a komiti. Kumbukirani kuti pa Namitete pomwepa, pa chipatala cha St Gabriel's, mu 2008 mnyamata wa pa sukulu wa ku America dzina lake Josh Nesbit anabwera ndi laputopu, mafoni akale ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS yomwe analemba ndi munthu wina, Ken Banks. Chomwe chinapangitsa kuti zigwire ndi anthu ongodzipereka a m'midzi omwe ankatumiza ma SMS aja, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe inadzabala Medic Mobile.

Tsopano nkhani ya makiyi, apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa munthu wotopa amapereka makiyi kwa aliyense womumwetulira. Mu 2018 Dominic Tarr, yemwe analemba kachidutswa ka JavaScript kotchedwa event-stream, anali atasiya kukagwiritsa ntchito, munthu wina wosadziwika anapempha kuti azikasamalira, iye anangomupatsa. Munthu uja anabisamo khodi yofuna kuba Bitcoin kwa anthu ogwiritsa ntchito Copay, pulogalamu yosungira Bitcoin. Ina yoopsa kwambiri ndi ya xz Utils, kapulogalamu kopanikiza mafayilo komwe kali pafupifupi mu Linux iliyonse. Wosamalira wake Lasse Collin anali yekha komanso atatopa, kunabwera wina wodzitcha Jia Tan, anathandiza bwinobwino kwa zaka pafupifupi ziwiri, ma akaunti ena n'kumamupanikiza Collin kuti ukuchedwa, patsa ena mpata, mpaka Jia Tan anapatsidwa mphamvu. Kenako anaikamo khomo lobisika mu version 5.6.0 ndi 5.6.1. Zinaululika mu March 2024 chifukwa injiniya wina, Andres Freund, anadabwa kuti kulowa pa SSH, njira yolowera mu kompyuta ya kutali, kukuchedwa ndi theka la sekondi ndipo anatsatira mpaka kupeza gwero. Theka la sekondi aise! Ife kuno tikanangoti ndi netiweki.

Paja timati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, zoona, koma kalumo komweko kamachekanso. Kanuko ndi kakang'ono, akazitape a mayiko sangakalabadire, koma muli mayina a alimi, manambala a foni ndi ndalama zawo. Choncho wobwera aliyense ayambe ndi pull request, wina aiwerenge isanalowe, ndipo mphamvu yolowetsa khodi mumpatse patatha miyezi mukumuona, makamaka ngati munalankhulanapo naye pakamwa kapena pali wina womudziwa. Pulojekiti muiike pa GitHub organization, yomwe ndi akaunti ya gulu, osati pa akaunti yanuyanu, eni ake mukhale awiri, nonse mutatchera 2FA, chitetezo chofuna nambala ina pamwamba pa pasiwedi. Awiri osati khumi, koma osatinso m'modzi, kuti inu mukagonekedwa ndi malungo zinthu zisaime.

Ndalama nazo kambiranani poyera. Mjigo umayenda chifukwa khomo lililonse limasonkha kangachepe pamwezi. Ngati gulu la alimi likupindula, kuchotsa pang'ono pa nthawi yogulitsa kuti mugulire bandulo ndi kumupatsa ya sopo mwana wokonza uja si chinthu chochititsa manyazi, kwaulere kumatanthauza ufulu wa khodi osati kuti thukuta la munthu lilibe mtengo. Kuika pa Play Store kumafuna 25 dollars kamodzi kokha, koma ndi mmene forex ikuvutiramu mwina muyambe ndi kuika APK, fayilo yoikira pulogalamu mu foni, pa GitHub pomwepo, kapena F-Droid yomwe ndi ya mapulogalamu a open source ndipo salipiritsa.

Chomaliza, ndipo ichi chitani mawa lomwe musanalembere aliyense. Pulogalamu iliyonse ya Android imasainidwa ndi kiyi ya mwini wake, ndiye yanu ya fork, poti kiyiyo mulibe, siingakwere pamwamba pa yakaleyo ngati update. Foni idzakana, ndipo wina adzakuuzani kuti ingochotsani yakaleyo muike yatsopano, akatero zolemba zonse za alimi zapita. Tulutsani kaye deta yonse m'mafoni a alembi, ngati muli batani la export gwiritsani ntchito, ngati mulibe koperani pamanja mu spreadsheet ngakhale m'kope la hadikava, musunge malo awiri. Fork yanuyo muipatse dzina lina ndi package name ina, dzina lomwe foni imazindikirira pulogalamu, kuti zonse ziwiri zizikhala mu foni imodzi mpaka mutatsimikiza kuti manambala akufanana.

Nditumizireni link ya pulojekitiyo ndione laisensi ndi ma fork ake. Kumapeto kwa mwezi ndili ndi ulendo wa ku Mchinji kudzera ku Santhe ndi Kapiri, ndikhoza kutsika pa Kamwendo ola limodzi, mubwere ndi foni imodzi yomwe kakutseka ndi ina yomwe kakuyendabe.