Musathamangire kugula steering rack ya Toyota 86 yanuyo

Achimwene, mwafotokoza kuti Toyota 86 ya 2013 imene mwaitanitsa kuchokera ku Japan ikumakokera kumanzere mukamayenda pakati pa Dedza ndi Lizulu, chiwongolero chikumanjenjemera mukafika liwiro la makilomita 90 pa ola, pansi pakumagogoda mukakwera mahampu, ndipo amakaniko anu akuti mugule steering rack ina (chitsulo chimene chimakhotetsa matayala akutsogolo mukatembenuza chiwongolero). Zimene mwatchulazi ndi zizindikiro zitatu zosiyana, ndipo palibe chikusonyeza kuti zonse zikuchokera pa chitsulo chimodzi. Rack ndi yodula komanso siwonongeka chisawawa, choncho muiganizire pomalizira, zotsika mtengo zikayamba zaonedwa.

Yambani ndi matayala, chifukwa galimoto zochokera ku Japan zimatipusitsa kwambiri pamenepa. Zina zimabwera ndi matayala opangidwira nyengo ya chipale chofewa, ndipo pambali pake pamalembedwa kuti STUDLESS. Labala wake ndi wofewa kwambiri, moti pa phula lotentha la mwezi wa October galimoto imamveka ngati ikuyandama, imachedwa kumvera chiwongolero, ndipo kumbuyo kumagwedera mukamakhota. Mapanga a tayala lotere amatha kuoneka akuya bwino, n'chifukwa chake ogula ambiri amakhutira nalo. Onaninso manambala anayi omalizira pa mzere wolembedwa DOT ngati ulipo, chifukwa awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri otsiriza ndi chaka chimene tayala linapangidwa; 2316 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Tayala lakale chotero limakhala litauma ngakhale silinayende mtunda wautali. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, ndipo awiri akutsogolo akhale a mtundu umodzi, chimodzimodzinso awiri akumbuyo. Mpweya muyeze m'mawa galimoto isanayende, potsatira kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko, osati potsatira diso la mnyamata wopopa.

Pa nkhani ya kukokera kumanzere, kumbukirani kuti ife timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo phula limapendekera komweko kuti madzi a mvula azitsikira m'mbali. Galimoto yokhala ndi matayala otambalala ndiponso ochepa msinkhu ngati 215/45R17 imatsatira kupendekera kumeneku komanso mikwingwirima imene mathiraki asiya pa M1 kuposa momwe Corolla ingachitire. Pezani malo osalala opanda magalimoto ena muiyese bwinobwino. Ikapitiriza kukokera, sinthanitsani matayala awiri akutsogolo, la kumanja lipite kumanzere, kwa nthawi yoyesera yokha. Galimoto ikayamba kukokera kumanja kapena ikasiya kukoka, vuto lili m'tayala. Ikapanda kusintha, yendani pang'ono osaponda mabuleki kawirikawiri, kenako yandikizani dzanja ku malimu onse awiri akutsogolo; limu lotentha kwambiri kuposa linzake likusonyeza kuti buleki ya mbali imeneyo ikugwira yokha.

Kunjenjemera kumene kumayamba pa liwiro lina lake n'kuchepa mukatsika kapena mukapitirira, nthawi zambiri kumachokera pa matayala osachitidwa balancing (kulinganiza kulemera kwa tayala mozungulira), pa limu lopindika chifukwa cha dzenje, kapena pa matope ouma amene akakamira mkati mwa limu. Kukamamveka m'manja, vuto lili kutsogolo, koma kukamamveka pampando, lili kumbuyo. Kukamabwera pokhapokha mwaponda mabuleki, kayezetseni ma disc a mabulekiwo.

Kugogoda ndiko kukufunika chidwi chachikulu, popeza kungakhudze moyo wanu. Galimoto ili pansi, munthu wina azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mofupikitsa, inu mutagwira ndi dzanja tie rod end (mfundo ya kumapeto kwa tie rod, kachitsulo kolumikiza rack ndi tayala); ikakhala itatha, mudzamva ikudumpha m'manja mwanu tayala lisanasunthe. Mukatero ikwezeni ndi jeke, muichirikize ndi zitsulo zoimikapo galimoto (njerwa ayi, chonde), mugwire tayala kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza. Likamasewera motero, kayikirani tie rod yamkati kapena yakunja. Mukaligwira pamwamba ndi pansi n'kumasewerabe, kayikirani bearing kapena ball joint (mfundo imene tayala limatembenukirapo pokhota). Yang'anani mabushi a control arm (mkono wachitsulo wogwirizira tayala ku galimoto) ngati ang'ambika, timikono ta stabiliser (chitsulo chochepetsa kupendekera pokhota) ngati tamasuka, ndi mashoku ngati akudontha mafuta. Timikonoti n'totsika mtengo koma timasokosa kwambiri pa mahampu, ndipo anthu ambiri aguliridwa rack chifukwa cha phokoso lake. Kudinikiza galimoto ndi manja kuti muone ngati ikudumphadumpha sikuthandiza kwenikweni pa galimoto ya masipuling'i olimba ngati imeneyi.

Dziwaninso kuti chiwongolero cha 86 chimathandizidwa ndi mota ya magetsi, choncho chilibe pampu kapena mafuta a power steering oti n'kudontha. Chikamalemera mwa apo ndi apo kapena nyale yake ikayaka, muyambe mwayezetsa batire ndi alternator.

Tsopano ndinene chimene ndikuchikayikira kwambiri. Galimoto zothamanga ngati izi eni ake oyamba sazisiya mmene zinachokera ku fakitale. Ambiri amaika masipuling'i afupi kapena ma coilover (mashoku okhala ndi masipuling'i ake, otheka kusintha msinkhu) kuti galimoto igwade, ena amathamangitsira m'mabwalo a mipikisano, ndipo ina imagundidwa n'kukonzedwa isanagulitsidwe. Pezani auction sheet yake (pepala lofotokoza mmene galimoto inalili pogulitsidwa pa okushoni ku Japan) muone giredi. Chilembo R kapena RA chimasonyeza kuti inakonzedwapo pa chigoba chake. Tengani tepi muyeze kuchokera pakati pa limu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, matayala atalunjika. Muyezo wa 86 ndi mamilimita 2,570, ndipo mbali imodzi ikasiyana ndi inzake moonekeratu, ndiye kuti pali mkono wopindika kapena subframe (felemu yapansi imene mikonoyo imamangidwapo) yasuntha. Yezaninso msinkhu kuchokera pansi kufika pa mlomo wa mudguard mbali zonse zinayi. Galimoto yogwaditsidwa imamenya pansi m'misewu yathu, ndipo mashoku ake amafika pamapeto msanga, zimene zimamveka ngati kugogoda komwe mukudandaulako.

Alignment ichitike zonsezi zitakonzedwa, chifukwa kuongola matayala pa tie rod yosewera kuli ngati kumanga denga pa nsichi yodyedwa ndi chiswe. Ikhale ya matayala onse anayi, pakuti 86 imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo toe (kuloza kwa matayala mkati kapena kunja) yakumbuyo ikaphonya, galimoto imayenda chammbali ngakhale kutsogolo kuli bwino. Pitani kumene kuli makina a kompyuta, ngakhale zitatanthauza ulendo wa ku Lilongwe, ndipo mupemphe pepala losonyeza manambala asanaongole ndi ataongola. Camber (kupendekera kwa tayala mukaliyang'ana kutsogolo) ya mbali imodzi ikasiyana kwambiri ndi ya inzake, musalole kuti angoibisa posintha toe; afufuze chimene chapindika.

Pakadali pano musatsike nayo msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti, ndipo musaiyese liwiro pa M1, kufikira ma tie rod ndi ma ball joint ataonedwa. Mukayeza, tiikireni pano chithunzi cha zolembedwa pambali pa matayala, giredi ya pa auction sheet ndi miyezo ya mbali ziwirizo, kuti tione ngati rack ili ndi mlandu.