Malaiti a panja anandiwonongetsa nkhuku

Asisi, mwafunsa za malaiti a panja oopsezera akuba: musalole munthu akuikireni ma floodlight a halogen aja a mawatsi 500 pabwalo panu. Mayunitsi amene mukuopa kuti adzatha msangawo, ine anandiliza misozi yeniyeni.

Akuba atatitengera mapoto ndi zovala za pachingwe kuno ku Kapata, mu Chipata, ndinaitana mnyamata wina wa zamagetsi. Anaika awiri, lina pageti lina kuseri kwa khola, nkumangirira kasensa koti kazizimitsa kukacha. Kasensako kanali kakufa kale, mwina anakazula panyumba ina. Malaiti ankayaka usiku ndi masana omwe, ine ndili ku msika osadziwa kanthu. Werengani nokha: limodzi likayaka maola 12 ladya mayunitsi 6, awiri 12, pamwezi 360. Onjezani masana, ndiye kuwirikiza. Komanso mitengo ya ZESCO imakwera ndi masitepe, ukapitirira mayunitsi oyamba otchipa aja, otsatirawo umagula modula.

Ndiye mu Okutobala, kutentha kuja, ndinapita ku maliro a malume ku Chadiza. Mita ndinasiya nditaikamo mayunitsi oti pamasiku onse amatifikitsa kumapeto a mwezi. Mufiriji munali nkhuku zosenda za oda ya ukwati. Mita inalira, inalira, mayunitsi anatha magetsi nkuzima, ana nkumaganiza kuti ndi load shedding basi. Ndikutsegula chitseko pobwera, fungo linandibweza m'mbuyo. Madzi ofiira ayenderera mpaka pansi pa kabati, ntchentche zobiriwira zili ng'waa pachivundikiro, nkhuku zatupa m'mapulasitiki. Mwini ukwati akuimba foni, ine ndili ndi khasu kuseri kwa nyumba kukumba dzenje. Ndalama ya eni ake ndinabweza ndi ya chilimba.

Mnyamatayo nditamupeza, eti "amayi, mumafuna kuwala, kuwala ndinakupatsani." Opanda manyazi! Mpaka lero akandiona patali amakhotera njira ina, ndipo waya wanga wotsala anapita naye.

Inu gulani floodlight ya LED. Ya mawatsi 30 kwa maola 12 omwewo sifika ndi mayunitsi 11 pamwezi, ndipo pabwalo pamawala bwinobwino. Switch ikhale m'nyumba, yoti muzizimitsa ndi dzanja lanu. Za sola zimathandiza, makamaka tikakumbuka 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi nkumasowa pafupifupi tsiku lonse, koma zotchipa zija batire yake ikafooka, pofika 23 hours kwada kale, nthawi imene akuba akuyamba kumene ntchito. Sensa yabwino, yoyatsa munthu akadutsa, gulani ndithu, bola muyiyese pomwepo musitolo.

La pageti lija sindinachotse ayi. Agalu akauwa kwambiri usiku ndimaliyatsa, msewu wonse mbee mpaka kwa aneba. Akunyumba amadandaula za mayunitsi, ine ndimangowayang'ana.